Msoko wa Pansi pa Mpando

Mwatitha wagula galimoto yosamwa mafuta.
Usiku imayamwa magetsi pakhoma ngati foni,
m'mawa imadzuka osatsokomola.
Lamulungu, titatuluka m'tchalitchi ku Wolverhampton kuno,
anandiitana kuti ndikaione,
kunena zoona, kuti ndikaiyamikire.

Ena onse anayambira kunja, kusisita utoto.
Ine ndinatsegula chitseko n'kugwada.
Zaka makumi atatu ndinasoka mipando ya minibasi
kuseri kwa msika wa Limbe,
ndipo ndinaphunzira kuti maso amanamizika
koma zala ayi.

Ndinatsata msoko ndi chikhadabo
kuyambira potsamira mutu mpaka pothera msana.
Ndi wowongoka, ndisaname.
Wowongoka mopitirira muyeso.
Palibe pamene wosokayo anaima kuti amwe madzi,
palibe pamene anayetsemula singano n'kupatuka.

"Nsaluyo ndi mabotolo akale, bambo,"
anatero Declan, mkamwini wanga,
monyadira ngati anaiwomba yekha.
Ndinanunkhiza.
Sikununkha ng'ombe, sikununkha thonje,
sikununkha chilichonse.

Kutsogolo kuli mbee, ngati nyumba ya munthu amene wasamuka.
Mabatani onse anawasesa
n'kuwatsekera m'chigalasi chachikulu ngati thireyi ya tiyi.
Ukafuna mpweya wofunda, upemphe galasilo.
Ukafuna kutsegula kabokosi kosungiramo mapepala,
upemphenso galasilo.
Ine ndi magolovesi anga a Novembala
ndinaligogoda katatu, silinandiyankhe.
Mdzukulu wanga Ulemu, wa zaka zisanu ndi chimodzi,
anangolikhudza kamodzi, n'kundiyang'ana mwachisoni.

Pulasitiki wakuda wonyezimira uja pakati pa mipando
wasunga kale zala zonse za pabanja pano,
kuposa apolisi.
Ndipo m'munsi mwa chitseko, mmene ogula sayang'ana,
ndinagogoda ndi chala:
kukulira ngati chigubu chopanda madzi.
Ndinatsala pang'ono kutchula za mkuyu ndi nyerere zake,
koma Mwatitha anandiponyera diso la mayi ake,
ndinameza mwambiwo.

Declan akuti denga lagalasi ndilo linamukopa.
Ndinayang'ana kumwamba.
Munthu kulipira ndalama zonsezo
kuti aziona bwino mitambo yotuwa ya dziko lino!

Kenaka tinanyamuka.
Sindinamve pamene tinanyamukira,
ndinangoona nyumba za njerwa zofiira zikubwerera m'mbuyo.
Pa maloboti a msewu wopita ku Dudley
china chake chinayamba kufunda pansi panga,
chinakwera pang'onopang'ono m'chiuno
mpaka pamene nyamakazi inamanga msasa chaka chatha.
Sindinanene kanthu.
Koma ndinatsamira, ndipo Declan anaona.

Mugalimoto muli zii.
M'minibasi za ku Limbe injini inkatibisira zambiri,
munthu ankalira maliro ake pampando wakumbuyo osamveka.
Muno mulibe pobisala.
Ndinamva madontho a mvula limodzilimodzi padenga,
ndinamva sweti ikugunda mano a Ulemu,
ndinamva mwana wanga akuusa moyo,
mpweya wa munthu amene wagwira usiku unayi wotsatizana kuchipatala
ndipo watsala ndi zaka zinayi za ngongole
ya mpando umene ine ndikuunyoza.

Titafika, ndinachedwa dala kutsika.
Ndinapisa dzanja pansi pa mpando,
kumene nsalu imakokedwa n'kumangidwa pachitsulo.
Kumeneko ndinapeza kamfundo,
kopotoka pang'ono,
ndi kaulusi kotsalira kotalika ngati chala cha mwana.
Munthu. Kwinakwake kufakitale,
wotopa, akuyang'ana wotchi,
anamanga apa ndi zala zake n'kuiwala kudula.

Kalumo kanga kali m'thumba nthawi zonse.
Sindinakatulutse.

"Ndiye mwaiona bwanji, bambo?" anafunsa Mwatitha,
atagwira chingwe cha magetsi m'mvula.
Ndinati zitseko akanawonjezera mnofu,
ndipo batani limodzi lokha silikanawaphetsa.
Koma Lachitatu, popita kwa dokotala,
ndidzakhala kutsogolo,
ndipo uyatsiretu mpando uja.