Kuphunzitsa Galimoto Kukwawa

Idabwera m'belo la zidole pa Limbuli,
itapsinjidwa ndi chimbalangondo cha diso limodzi,
matayala otupa ngati mabanzi a pa Chitakale,
limoti yake yomangidwa ndi mphira.
Ekari adangoti, "Ababa, iyi."
Ndidalipira ndi ndalama ya sopo.

Tsiku loyamba idathamanga ngati yaba.
Kungokhudza batani, fumbi koboo,
nkhuku za a Nikoloma balalabalala,
kenako phwa! patsinde la mpeyala,
gada ngati mphemvu, matayala akupalasa mphepo.
Mwana adaseka mpaka kukhala pansi.
Ine sindidaseke.
Phokoso limenelo ndimalidziwa.
Zaka khumi ndi chimodzi ndidagwira chiwongolero cha minibasi,
Limbe mpaka Muloza, Muloza mpaka Limbe,
kondakitala akumenya chitseko kuti tiye, tiye,
kufikira m'mawa wina wa chiperoni
pa kona ina m'minda ya tiyi ku Thyolo.
Zotsalazo bondo langa limanena lokha kukazizira.

Ndiye ndidaigoneka pa benchi pomwe ndimakonzera mawailesi
n'kuitsegula pamimba.
Timabawuti tisanu m'chivundikiro cha botolo.
Giya ya pamota ndidaiwerenga mano: makumi awiri.
M'pulinta yakufa ya kusukulu
ndidapezamo ina ya khumi ndi awiri,
ndidaipala ndi tupa mausiku awiri
mpaka idavomera kulowa.

Difu ndidaimata ndi guluu
kuti tayala lina likalendewera m'malere
linzake lisasiye ntchito.
M'matayala akutsogolo ndidathiramo mabering'i a njinga yakabaza.
Batire ndidaisamutsira kumphuno, pansi penipeni,
monga tinkakhazikira matumba a chimanga
kuti galimoto isapendame.
Masipuling'i ouma aja ndidachotsa,
ndidaikamo a m'mabolopeni anayi,
ndipo ndi lezala ndidatema mphini
pa tayala lililonse.

Amake, pochokera kothyola tiyi,
manja akununkha masamba,
adaima pakhomo.
"Anzanu amakonza zinthu kuti zithamange.
Inu simukuiononga?"
Ndidati mwina.

Loweruka tidatsikira ku Likhubula,
ine ndi ndodo, iye ndi galimoto kukhwapa.
Phiri lidafunda mtambo mpaka m'chiuno.
Kumtunda kwa pochapira pali mwala wina
wolekeza m'bondo, wandere mbali imodzi.
"Chala chako," ndidatero,
"chikhale ngati ukuchotsa chitsotso m'diso la mnzako."

Mota idalirira cham'mimba.
Tayala lakumanja lidagwira, lidafufuza, lidaterereka,
lidagwiranso.
Lakumanzere lili m'malere
likuzungulira ngati likuganiza.
Nyerere idaipitirira.
Anyamata onyamula zikwama za alendo adaima,
mmodzi n'kuyamba kuitanira:
"Sapitwa! Sapitwa! Watsala mmodzi!"
Ekari lilime panja, osaphethira.
Mphindi zinayi, kapena zisanu,
pa mwala womwe mbuzi imalumpha osauona.

Itafika pamwamba idaima,
yopendekeka pang'ono,
madzi akudutsa pansi ndi nkhani zawo.
Palibe adawomba m'manja.
Anyamata aja adasenza zikwama n'kumapita.

"Ndiye kuti siithamanganso?"
Ndidati ayi.
Adaiyang'ana nthawi yaitali,
akupukuta ndere pa bampala ndi chala chachikulu.
"Giya yakale ija musataye."

Sindidataye.
Ili m'chivundikiro chomwe chija,
pambali pa wailesi ya a Nikoloma
yomwe sadabwerebe kudzatenga.

Pobwerera adathamanga chitunda chonse
osacheuka,
galimoto ikugwedera kukhwapa,
mabering'i akulira m'matayala ngati maseche.
Pamwamba adaima.
Sadandiitane, sadatsike kudzandigwira.
Adangoyang'ana nsonga ya ndodo yanga
ikugwira, ikufufuza, ikuterereka,
ikugwiranso.