Pomwe Palembedwa Kuti Ima

Ku Turku dzuwa lalowa tisanamwe khofi wachiwiri.
Mtsinje wa Aura wauma gwa ndi chisanu,
ndipo ine, Tuulikki, ndatsala ndekha m'labotale
ndi timachubu makumi anayi ndi filiji yong'ung'udza.
Magolovesi anga akununkha adyo.
Ndi fungo la seleniyamu limenelo, silichoka msanga.

Chimene ndikusaka sichioneka ndi maso.
M'selo muli kamtengatenga, timakatcha tRNA,
kopindika ngati chigongono,
kamene kamayamba ulendo ndi katundu wa eni.
Enzaimu yoyamba imakasenzetsa serini
ngakhale si iyeyo akufunidwa kutsogoloko.
Yachiwiri imamata fosifeti pamwamba,
chikole chabe, chodikira kuomboledwa.
Yachitatu imazula chikolecho
n'kuikapo seleniyamu,
amene inzake ina, kuseri, inali itamukonza kale.
Katundu amasandulika ali pamutu pomwepo,
osatula, osapuma.

Kenako kamafika pamzere wa malangizo
pomwe palembedwa zilembo zitatu: U, G, A.
Kwa ena onse mawuwa akuti ima, ntchito yathera pano.
Koma chapatali ulusi wadzipinda ngati phini ya tsitsi
ndipo ukunong'ona kuti, iwe wekha, dutsa.

Bambo anga, a Onni, ankaweta ng'ombe ku Lapua.
Chaka china ana a ng'ombe anayi anagwa m'khola,
miyendo ili lobodo, maso ali tong'o.
Dokotala atang'amba, mnofu unali mbuu ngati wa nsomba.
Dothi lanu likusowa kanthu kena, anatero,
kochepa kuposa litsiro la m'chikhadabo.
Bambo anatukwana dothi, anatukwana dokotala,
anamenyetsa chitseko mpaka chipale chofewa chinagwa padenga.
Patapita zaka anagula feteleza watsopano uja,
osauza munthu.

Sanamvetse ntchito yangayi.
Ankati, umalipidwa chifukwa chothira madzi m'madzi?
Mtima wawo unaima nthawi yokolola balere,
thalakitala ikadalira pakati pa munda.
Pamenepo panalibe ulusi wodzipinda.
Ima anatanthauza ima.

Usiku uno ndikufuna kachidindo kamodzi,
kamene kamadindidwa pamsana pa mtengatenga uja
seleniyamu akakwanira m'thupi.
Makina alira kawiri, akhosomola pepala.
Kamzere kalipo, koma kozilala,
koti Aleksanteri mawa adzakweza nsidze
n'kunena kuti bwereza.
Ndibwereza. Aka n'kachisanu ndi chiwiri.

Ndavula magolovesi, ndasamba, fungo likadalipo.
Basi yomaliza yandisiya.
Ndiyenda wapansi m'mbali mwa mtsinje,
chipale chikuti khwichi khwichi kunsi kwa nsapato,
mwezi, amene seleniyamu anatengerako dzina,
uli pamwamba pa denga la tchalitchi, theka lokha,
ndipo m'chiwindi changa, osandifunsa,
timtengatenga tikudutsa pomwe palembedwa kuti ima.