Madamu Dzulo

Ndinabwera ndi Chichewa m'kabuku,
masabata asanu ndi atatu ndikuchiloweza ku Dedza,
kupatsa moni galasi: muli bwanji, ndili bwino, kaya inu.
Nditatsika basi ku Mzuzu, chikwama kumsana,
mayi wogulitsa nthochi anati, "Monire, mama."
Ndinatsegula kabuku kanga.
Munalibe.

Kwathu ku Sendai anandilongedzera chipewa cha dzuwa.
Palibe anandiuza za Juni wa kuno,
chifunga chotsika ku Kaning'ina
ngati munthu wodzalonjerera ngongole,
kamvula kosanyowetsa nthaka koma mafupa,
choko chachinyezi chokana kugwira pabolodi.
Juzi ndinakagula pa kaunjika,
ya bambo wina wamtali amene sindidzamudziwa;
manja ake ndimapinda katatu.

Ana makumi asanu ndi anayi kudza atatu.
Mabuku khumi ndi limodzi.
Ndikamaphunzitsa kugawa amandiyang'ana mwachifundo.
Kugawa akukudziwa kale:
buku limodzi mitu isanu ndi itatu,
chinangwa chimodzi pakamwa panayi,
ndipo sipakhala chotsala.

Dzina langa, Chizuru, linawakola pakhosi,
likutuluka linali Dzulo.
Madamu Dzulo.
Sindinakane. Nthabwala ya Lolemba
ndimaiseka Lachiwiri, ndili ndekha, ndikuchapa masokosi.

Kwathu chipongwe ndi kuchedwa.
Kuno chipongwe ndi kufika nthawi yake
utadutsa anthu asanu ndi awiri ngati zitsa.
A Chavula, ahedi athu, anagogoda wotchi yanga ndi chala:
"Iyi ilibe ana, ilibe odwala kunyumba.
Musamaifunse yokhayi mmene yadzukira."

Kenako Lachinayi lija.
Ndinali panjinga, kutsetsereka ku Chiputula,
mapepala a mayeso m'dengu, belu m'mutu.
Ndinaona masamba aawisi atayalidwa modula msewu.
Ndinati mphepo.
Ndinawaponda, ndikuliza belu, ngiri ngiri,
pakati pa abambo okhala chete m'mbali mwa ngalande, zipewa m'manja.
Palibe anandikalipira.
Chete ameneyo ananditsatira mpaka m'kalasi,
anakhala pamalo a Gomezga, pafupi ndi zenera losweka,
pamene Gomezga panalibe.

Madzulo NyaLuhanga, mwini nyumba,
anandiuza akusenda mbatata, osandiyang'ana:
"Masamba aja si a mphepo, mwanangu.
Bambo a mwana wanu uja atisiya."

Usiku wonse ndinalemba chipepeso.
Mizere khumi ndi inayi, dikishonale pabondo,
kandulo iwiri.
M'mawa anandimanga chitenje, ndinamasuka, anandimanganso.
Ndinakhala pansi pakati pa amayi, miyendo yotambasula,
msana ukulira chilankhulo chakwathu.
Pepala linali m'thumba la juzi.
Nyimbo sindinkaidziwa, koma inkadziwa pondigwira.
Mayi wina anasendera, phewa lake pa langa,
maola anayi.
Pepala silinatuluke.
Ndinalipeza Loweruka litasungunuka m'madzi ochapira.

Gomezga anabwera patatha sabata, mutu wometa.
Anandipatsa kope lake ndi manja awiri.
Ndinati, "Pepa."
Anati, "Yewo, Madamu. Ndinakuonani."
Sindinafunse kuti liti:
tsiku la njinga kapena tsiku la chitenje.

Lamulungu mayi anga amaimba foni,
kwawo kutada, kuno dzuwa likulimbana ndi mitambo.
Akuti ndayamba kulankhula mozungulira,
ndimafunsa za bondo la bambo, za galu, za mnansi wa pansi,
ndisanafike pa nkhani.
Akuti, mwana iwe, mayunitsi.

Kabuku kaja kalipo, katupa ndi chinyezi.
Kumapeto kwake ana andilembera Chitumbuka
ndi pensulo yobwerekana,
mawu ena oona, ena ondikola kuti aseke.
Ndidzawasiyanitsa mawa.

Lero pa Zolozolo panalinso masamba.
Ndinatsika kutali, belu ndalitseka ndi chikhatho,
ndikukankha njinga pang'onopang'ono.
Kusukulu ndinafika belu litalira kale.
A Chavula anali pakhomo.
Anayang'ana matope a m'miyendo mwanga,
nafunsa mmene ndadzukira.