Batani Lachitatu

Ku nyumba ya okalamba ku Gdańsk
a Zygmunt akudzimangira mabatani a malaya.
Zala zomwe zinkawotcherera sitima zapamadzi
lero zikulimbana ndi kabowo kamodzi.

Wioletta manja akumuyabwa.
Wasuzumira wotchi.
Zipinda zinayi zikumudikira,
tiyi akuzirala pa kangolo.

"Ndikuthandizeni?"
"Iyayi, mwanawe.
Ukandimangira batani lero
mawa udzandisankhira malaya,
mkuja udzandiuza kuti ndili ndi tulo."

Batani lachitatu laphonya pakwawo,
lalowa kwa mnzake.
Kolala wapendekeka.
Wioletta waona,
wabisa manja m'matumba, wameza mawu.

Ndodo patsogolo, iwo pambuyo,
akukwekwereza mapazi kulinga pa zenera loyang'ana kudoko,
malaya okhota,
chibwano chili m'mwamba.