Mlatho wa pa Nachiwale

Kope la komiti ndimasunga ine,
lachikuto chofiira, lomanga ndi mphira wa njinga.
Wapampando amayankhula, ine ndimalemba.

Tsamba loyamba ndi la chaka chija
Asiyatu anachirira pansi pa mkuyu tsidya lino,
madzi atamukaniza njira ya ku Namwera.
Tinakumana pa bwalo la sukulu,
anatifunsa chimene tikufuna poyamba.
Manja onse anakwera: mlatho.
Onse kupatula awiri.
Wina anali ndi khanda kubere.
Wina anali Che Twaibu,
amene amawolotsa njinga paphewa pa mtengo wa thu handiredi,
ndipo ananena poyera kuti iye amadya pa mtsinjepo.
Ndinalemba zonse, ngakhale kusekako.

Pepala lathu linakwera kabaza kupita ku komiti ya dera,
kuchoka uko linapita ku khonsolo,
linawoloka Shire pa mlatho wa eni ake.
Akhansala anati zili m'ndondomeko.
Mawu amenewo ndawalemba kasanu ndi kawiri,
dzanja limawadziwa lokha tsopano.

Chaka chachiwiri kunabwera shedi ya msika.
Sitinaipemphe, koma mlendo sabwezedwa.
Anaimanga kumtunda, kumene sikudutsa munthu,
malata ake owala ngati ukwati.
Amayi a usipa akadali pamphambano pawo pa fumbi.
Mu shedi mumagona mbuzi za Che Mdoka,
ndipo zikuyamikira boma.

Chaka chachitatu, mthandizi.
Masiku makumi awiri ndi anayi a khasu ndi wilibala,
tinalambula msewu mpaka pa gombe,
anzathu a tsidya nawo mpaka pa gombe,
misewu iwiri yoyang'anana
ngati apongozi osapatsana dzanja.
Malipiro analowa pa foni.
Abiti Ndembo, wa matuza m'manja onse, foni yake inangoti zii.
Koma malemu Kassimu Likaomba,
amene tinamuika Ramadani isanafike,
analandira zonse, osajomba ndi tsiku limodzi.

Ndiye mwezi watha ndinagulitsa nandolo ndowa imodzi,
ndinakwera matola kutsika phiri, kukafunsa ndekha.
Bwana anali ku msonkhano. Wachiwiri wake ku maliro.
Mlonda anandilozera bolodi la pakhonde.
Mapepala a bajeti, mapini a dzimbiri,
chala changa chikutsika mzere ndi mzere,
zimbudzi za pa depoti, mijigo, mafuta a galimoto,
mpaka ndinaliona dzina lathu,
lolembedwa bwino, lopanda cholakwika:
Mlatho wa pa Nachiwale.
Ndalama: zonse zinatuluka.
Ntchito: inatha mu Juni.

Ndinawerenga katatu. Ndinapukuta magalasi.
Ndinapempha mnyamata wina andijambulire,
tinakasindikiza pa sitolo ya pafupi ndi msika.

Lachisanu, anthu atatuluka mu mzikiti,
ndinawawerengera.
Palibe anatukwana.
Abiti Ndembo anangomanga chitenje nati, tiyeni tikauone.
Tinatsika tonse, ndi ana omwe,
mumsewu wathu wolambula bwino uja,
tinaima pamene umathera.
Madzi ofiira, chitsa cha mgwalangwa chikuzungulira pakati.
Che Twaibu anali m'madzi mpaka m'chiuno,
njinga ya mphunzitsi paphewa.
Atamva nkhaniyo anaima pomwepo nati:
Ndiye ntchito inandithera mu Juni,
osandiuza?

Tinaseka mpaka ena anakhala pansi.
Kenaka Asiyatu anakweza mwana wake uja, wa zaka zitatu,
kuti naye aone,
ndipo kuseka kunatha.

Lolemba kuli msonkhano wa dera, tsidya lija.
Atifunsanso chimene tikufuna poyamba.
Sindikudziwa ngati nkololedwa
kupempha chinthu chimene unalandira kale.
Ndanyamula pepalalo, ndalipinda pakati pa kope.
Ndivula nsapato, ndipinda buluku,
kope ndisenza pamutu
kuti mlatho wathu usanyowe.