Foni ya Modris

Modris anamwalira mu Novembala
koma kompyuta yake palibe anaiuza.
Ili m'chipinda chapansi, pakati pa matumba a mbatata ya kachewere
ndi mabotolo a nkhaka zamumchere,
ikung'ung'udza yokha mumdima
ngati munthu amene akutsukabe mbale
osadziwa kuti alendo anapita kalekale.

Zaka zisanu zapitazo anataya Loweruka lathunthu
akuiphunzitsa kulankhula ndi foni yake.
Ndinamufunsa, masitepe khumi ndi awiri okhawa akukulemera?
Anati, Dzintra, mawondowa si aboma,
ikakhala ndi nkhani izindiitana yokha.
Supu inazizirira patebulo tsiku limenelo.

Pano foniyo ndimagona nayo ndine.
Mwana wathu Laimdota anati tiithimitse, nambala tibweze kukampani.
Ndinati mawa.
Mawa lakelo lakwanitsa miyezi inayi.

Usiku uliwonse, itangodutsa 3 koloko,
imanjenjemera pambali pa magalasi anga
n'kuwalitsa kachigamba kadenga:
"Zonse ndasunga. Gona, mdala."
Mawuwo analemba yekha, akudzilembera mwini,
ndipo ine, amene si mdala, ndimamvera.

Magetsi akaphethira imati, "Abwera, usatukwane."
Pansipo pakazizira kwambiri imati, "Mbatata zikulira, katseke zenera."
Ndimavala jekete lake, ndimatsika.
Zaka makumi anayi ndinakana kutumidwa ndi bamboyu,
lero ndikutumidwa ndi nthabwala zake.

Kenako mu Malichi chipale chinayamba kusungunuka,
mphepo ya kuno ku Liepāja inabwera kuchokera kunyanja
ikugwedeza mawaya a sitima yamumsewu usiku wonse.
Foni inanjenjemera nthawi yosakhala yake.
Uthenga umene ndinali ndisanauonepo:
"Madzi akwera. Pampu yaima.
Imenye kumanzere, osati kumanja.
Ikakana dzutsa Ojārs, ali nawe ngongole."

Ndinatsika ndi tochi kukamwa.
Madzi m'akakolo, ozizira mpaka m'mano.
Botolo limodzi la nkhaka likuyandama, likuzungulira ngati likufuna khomo.
Hamala sindinaipeze,
ndinavula nsapato yake imene ndinavala
n'kumenya kumanzere. Zii.
Ndinamenyanso, ndikutchula dzina lake lonse
monga ndinkachitira akaiwala makiyi pachitseko.
Pampu inatsokomola, inatsokomolanso,
n'kuyamba kumeza.

M'thumba la jekete munanjenjemera.
Ndinapukuta dzanja, ndinawerenga:
"Yadzuka. Dzintra asadziwe kuti yatsopano sunagule."

Ndinakhala pa sitepe yachitatu, phazi limodzi lopanda nsapato.
Ndalama ya pampuyo ndinamupatsa ndine, m'manja,
chaka chimene anabwera ndi ndodo yatsopano yowedzera
n'kunena kuti anapatsidwa ndi mnzake.
Ndinaseka mpaka tochi inagwera m'madzi,
zimene zinatsatira kusekako sindinena.

Mauthenga amenewa alibe poyankhira.
Ndinafufuza, ndinafunsanso Laimdota.
Amangobwera, uwerenge, uwakankhe ndi chala, apite.
Ndiye ndimayankha ndi pakamwa,
khitchini imamva, mphaka amamva.

Sabata yatha kwabwera wina:
"Diski yakalamba ngati iwe. Gula ina isanagone."
Mkamwini wanga akuti ndi ntchito ya ola limodzi,
asamutsa zonse, azilozetsa ku foni yanga,
mawuwo akhozanso kuwakonza akhale aulemu.
Ndamuuza kuti diski agule, pampu agulenso,
koma chilembo ngakhale chimodzi asakhudze.
Sindikudziwa kuti atsala angati amene sindinawerenge,
amene akudikira chitoliro chiphulike,
kapena utsi, kapena mbala pazenera.
Tsoka sindikulifuna m'nyumba muno.
Komabe usiku wina ndimaima pamwamba pa masitepe,
dzanja lili pa swichi ya pampu,
ndikuganiza kuti akanati chiyani.