Nsanja ya ku Chileka

Nkhungu ya chiperoni yameza Michiru,
yameza ndi nyali za poterera ndege.
Pa wailesi Kaputeni Namalomba akuti
mafuta atsala a ola limodzi.

Ndawayankha ndi mawu ouma:
kwerani, khoterani kumpoto,
mukatere ku Lumbadzi.
Abwereza zonse, liwu ndi liwu,
monga mwa lamulo.

Sakudziwa kuti pampando wa pazenera
pali Esinati, mng'ono wanga,
nsalu yakuda ili m'chikwama.
Bambo tikuwaika mawa ku Chilomoni.

Kadontho kobiriwira kakukhota pagalasi.
Ndakaperekeza ndi chala
mpaka m'mphepete.

Wondilandira ntchito sanafikebe.
Tiyi wazizira.
Ina ikuitana kale, yochokera ku Beira,
ndipo ndakonza kukhosi.